UFUMU SUGWA TSIKU LIMODZI: PHUNZIRO LA JUMBE NDI CHILUMBA CHA ZANZIBAR

Mau oyamba

Kwathu ndi ku Nkhotakota, m'mphepete mwa nyanja. Ndikapita ku tchuthi ndimadutsa kawirikawiri pa mkuyu waukulu uja uli pa chipatala cha St Anne's. Alendo amabwera kudzaujambula chifukwa anthu amasimba kuti David Livingstone adakhala pansi pake pokambirana ndi Jumbe ndi mafumu a Achewa za kuleka malonda a akapolo. Ndimadutsanso pa mzikiti wakale ndi pa manda a ma Jumbe. Kunyumba timadya mpunga umene akuluakulu amati mbewu yake idabwera ndi anthu a Jumbe. Zonsezi ndidakula ndikuziona ngati zinthu zongokhalapo, monga mchenga ndi bango. Koma titayamba kuphunzira m'kalasi za mmene maiko a ku Ulaya adagawanirana Afrika, ndidadzifunsa mafunso awiri. Ngati Jumbe adali wamphamvu chotere, ufumu wake udathera kuti? Nanga utatha, bwanji dziko silidabwerere m'manja mwa eni ake?

Pofufuza yankho ndidapeza kuti munthu sangamvetse za Nkhotakota popanda kupita kaye ku chilumba cha Zanzibar, kumene kudali mfumu imene Jumbe ankaigwadira. Maufumu awiriwa adamera pamodzi ndipo adagwa motsatizana, m'manja mwa Angerezi omwewo. Tiyeni anzanga tiwaone bwinobwino, chifukwa njira imene adagwera ili ndi phunziro kwa ife.

1. Chilumba chimene chinkamveka mpaka kunyanja kwathu

Zanzibar ndi chilumba cha m'nyanja yamchere ya India, pafupi ndi gombe la dziko limene lero timalitcha Tanzania. Cha m'ma 1840 mfumu ya Aluya a ku Oman, Seyyid Said, idasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kudzakhala pa chilumbachi. Mfumu yotere inkatchedwa Sultani. Chuma chake chidali pa zinthu zitatu: minyanga ya njovu, akapolo, ndi minda ya mitengo ya zonunkhiritsa chakudya imene inkalimidwa ndi akapolo omwewo.

Pa chilumbapo padalibe njovu, ndipo anthu ogwira ntchito m'minda adali osakwanira. Choncho amalonda Achiluya ndi Achiswahili ankalowa m'kati mwa Afrika atasenzetsa anthu nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Pobwerera ankatenga minyanga ndi anthu omangidwa m'magoli. Njira imodzi yaikulu inkayambira ku Kilwa, pa gombe la nyanja yamchere, nkudzafika kutsidya la kummawa kwa nyanja yathu. Kuti njirayo ipitirire kumadzulo, kumka ku Kasungu ndi ku chigwa cha Luangwa, pankafunika doko labwino kutsidya lino. Dokolo lidapezeka ku Nkhotakota, kumene mchenga wolowa m'nyanja umatchinga mafunde a mwera kotero kuti zombo zimakocheza mwabata.

2. Mlendo amene sadakamuke

Cha m'zaka zomwezo za m'ma 1840 kudafika Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdallah. Adapeza dziko lili la Achewa, pansi pa mafumu monga Malengachanzi ndi Kanyenda. Sadafike ngati wankhondo ayi. Adafika ngati wamalonda wopempha malo, atanyamula mphatso. Iyeyu ndiye Jumbe woyamba. Tidziwe kuti Jumbe si dzina lobadwa nalo koma ndi dzina la udindo, ndipo amene adalowa udindowu ku Nkhotakota ndi mphamvu zonse za ufumu adalipo anayi.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo uyu sadakamuke. Chimene chidamukhazikitsa ndi mfuti. Masiku amenewo Angoni ankathira nkhondo midzi ya Achewa, ndipo munthu amene adali ndi mfuti ndi linga ndiye adali pothawira. Anthu ambiri adasiya midzi yawo nkudzamanga pafupi ndi Jumbe kuti awateteze. Mudziwo udakula mpaka kukhala umodzi mwa midzi ikuluikulu kwambiri m'chigawo chino cha Afrika. Mpaka lero pakati pa tauni yathu timati pa Linga.

Koma chitetezocho chidali ndi mtengo wake. Pang'ono ndi pang'ono mau a Jumbe adayamba kulemera kuposa mau a mafumu amene adampatsa malo. Iye adakhoma zombo zamatanga zowolotsa minyanga ndi akapolo kumka kutsidya. Livingstone atafika mu 1863 adapeza chombo china chikukhomedwa. Jumbe ankakweza mbendera yofiira ya Sultani wa Zanzibar ndipo ankadziwika ngati nthumwi yake. Motero doko la Achewa lidasanduka khomo la ufumu wa pa chilumba chakutali chimene ambiri a iwo sadachionepo.

3. Mapangano

Pamene izi zinkachitika kuno, Angerezi adali atayamba kale kumanga Sultani ndi mapangano. Mu 1873 kazembe wawo, John Kirk, yemwe uja adayenda ndi Livingstone pa nyanja yathu mu 1861, adauza Sultani Barghash kuti akapanda kutseka msika wa akapolo, sitima zankhondo za Angerezi zidzatsekereza chilumba chonse. Barghash adasaina ndipo msika udatsekedwa. Ichi chidali chinthu chabwino ndithu. Komabe chidaonetsa poyera kuti mau omaliza pa chilumbapo sadalinso a Sultani.

Mu 1886 Angerezi ndi Ajeremani adagwirizana okha kuti dziko la Sultani ndi zilumba zake basi, kuphatikizapo kamzere ka m'mphepete mwa nyanja ka makilomita 16 mulifupi. Mu 1890 adagwirizananso kachiwiri. Angerezi adapereka kwa Ajeremani kachilumba kena ka ku Ulaya kotchedwa Heligoland, ndipo Ajeremani adavomera kuti Zanzibar ikhale pansi pa chitetezo cha Angerezi. Sultani adakhalabe pa mpando wake, mbendera yofiira idakwezedwabe, koma pa mapangano awiriwa iye sadali nawo pokambirana.

Tsono tibwerere kwathu. Mu 1889 kudafika ku Nkhotakota Mngerezi wina, Harry Johnston, atakwera sitima ya amishoni a Anglikani yotchedwa Charles Janson. Iye adali pa liwiro lofuna kusainitsa mafumu Apwitikizi asadafike. M'thumba mwake adali ndi makalata ochokera kwa Sultani wa Zanzibar omuonetsa kwa Aluya ndi Aswahili a kunyanja. Taonani nzeru yake: adagwiritsa ntchito dzina la mfumu ya pa chilumba, imene idali kale m'manja mwa Angerezi, potsekula chitseko cha nthumwi yake ku Nkhotakota.

Nthawi imeneyo pa mpando padali Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi. Iye adamlandira bwino Johnston, adamthandiza pa ulendo wake wokayanjanitsa Mlozi ndi azungu a kampani ya African Lakes ku Karonga, ndipo adasaina pangano lolandira mbendera ya Angerezi. Iwo adalonjeza kumampatsa ndalama chaka ndi chaka. Kwa Jumbe pangano ili lidaoneka lokoma. Adali wokalamba, adani adali ambiri, ndipo tsopano adapeza bwenzi lamphamvu ndi malipiro omwe. Koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 1891 Angerezi adalengeza kuti dziko lonse la kumadzulo ndi kummwera kwa nyanja lili pansi pa chitetezo chawo, ndipo Johnston yemweyo ndiye adakhala wolamulira, likulu lake lili ku Zomba.

4. Kutha kwa ma Jumbe

Mu 1893 mmodzi mwa nduna za Jumbe, Chiwaula, adamuukira. Adamanga linga lake lolimba chakumtunda pang'ono ndipo adagwirizana ndi Makanjira wa kutsidya, mdani wa Angerezi. Jumbe adalephera kumgonjetsa yekha, choncho adaitana abwenzi ake aja. Asilikali a Johnston, ena mwa iwo Amwenye otchedwa Asikhi, adabwera nkuphwanya lingalo. Jumbe adapulumuka, koma aliyense adaona kuti mpando wake waimikidwa ndi mfuti za eni. Kuyambira pamenepo ku Nkhotakota kudakhala mzungu wa boma.

Tawakali Sudi adamwalira mu 1894. Amene adalowa m'malo mwake, Mwinyi Kheiri, sadakhalitse. Angerezi adamuimba milandu, kuphatikizapo wa kupha munthu, adamchotsa pa mpando, ndipo pofika mu 1895 adali atamtumiza ku Zanzibar. Sadaikenso Jumbe wina wa mphamvu zotere. Dziko lija lidasanduka boma la Marimba, lolamulidwa ndi mzungu wokhala ku Kota Kota, monga ankalembera iwo dzina la kwathu. Mmodzi mwa azungu oyamba kukhala pa udindowu adali Alfred Swann. Zaka zisanu ndi chimodzi zokha zidapita kuchokera pa kusaina pangano kufika pa kutha kwa ufumu.

Kumapeto kwa chaka chomwecho cha 1895 Mlozi adagonjetsedwa nkupachikidwa ku Karonga. Malonda a akapolo owoloka nyanja adayamba kuzilala mpaka adatheratu.

5. Mmawa umodzi ku Zanzibar

Jumbe wachinayi atafika ku Zanzibar adapeza kuti mbuye wakenso ali m'goli lomwelo. Pa 25 Ogasiti 1896 Sultani Hamad bin Thuwaini adamwalira mwadzidzidzi. Msuwani wake Khalid, mwana wa Barghash uja, adalowa m'nyumba yachifumu nkudzilengeza kuti ndiye Sultani. Angerezi adakana. Iwo adati malinga ndi mapangano, munthu sangalowe ufumu popanda chilolezo cha kazembe wawo, ndipo adali naye kale munthu wawo, Hamoud bin Mohammed.

Khalid adasonkhanitsa anthu pafupifupi 2,800 kuti ateteze nyumba yachifumu. Angerezi adaimika sitima zankhondo zisanu padoko, moyang'anizana ndi nyumbayo, nkumuuza kuti atsitse mbendera ndi kutuluka isadakwane 9 koloko mmawa wa pa 27 Ogasiti. Iye sadatuluke. Nthawi itakwana mizinga idayamba kulira. Pasadathe mphindi 45, ena amati mphindi 38 zokha, nyumba yachifumu idali itagumuka ndi kuyaka moto, sitima ya Sultani yotchedwa Glasgow idali itamira, ndipo mbendera idali pansi. Anthu a Khalid pafupifupi 500 adafa kapena kuvulala. Kumbali ya Angerezi kudavulala munthu mmodzi. Nkhondo imeneyi imadziwika kuti ndi yaifupi kwambiri m'mbiri ya dziko lapansi. Nthawi yake ndi yofanana ndi phunziro limodzi la m'kalasi mwathu.

Tsiku lomwelo Hamoud adaikidwa pa mpando. Khalid adathawira ku nyumba ya kazembe wa Ajeremani, ndipo iwo adamuwolotsera ku Dar es Salaam. Angerezi adadzamgwira pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, nkumtumiza ku zilumba za Seychelles ndi St Helena. Adamwalirira ku Mombasa mu 1927. Masultani adapitirira kukhalapo, koma ngati chithunzi chabe, mpaka Angerezi adachoka mu Disembala 1963. Mwezi wotsatira anthu a pa chilumbapo adaukira nkuthamangitsa Sultani womaliza, ndipo mu Epulo 1964 Zanzibar idaphatikana ndi Tanganyika kupanga Tanzania.

Wophunzira wosasamala angalembe pa mayeso kuti ufumu wa Zanzibar udagwa pa mphindi 38. Kumeneko nkulakwa. Mizinga idangogwetsa mtengo umene chiswe chidaudya kale kuyambira mu 1873.

6. Zilumba zina ziwiri

Kuti tione kuti izi sizidachitike kwa Sultani yekha, tiyeni tiyang'ane mwachidule maufumu ena awiri a pa zilumba amene adagwa m'zaka khumi zomwezo.

Choyamba ndi Madagascar, chilumba chachikulu chija chili kummawa kwa Mozambique. Afalansa adamenyana ndi ufumu wa kumeneko nkusainirana pangano mu 1885 lowapatsa mphamvu pa nkhani za maiko akunja. Mu 1895 asilikali awo adalanda likulu, Antananarivo. Mu 1896 adalengeza kuti chilumba chonse ndi chawo. Mu 1897 adachotsa Mfumukazi Ranavalona III nkuitumiza ku chilumba cha Réunion, kenaka ku Algiers, kumene idamwalirira mu 1917.

Chachiwiri ndi Hawaii, kutali m'nyanja ya Pacific. Kumeneko azungu, ambiri a iwo ochokera ku Amereka, adakhala eni minda ikuluikulu ya nzimbe. Mu 1887 adaumiriza Mfumu Kalākaua kusaina malamulo oichotsera mphamvu zambiri. Mlongo wake, Mfumukazi Liliʻuokalani, atafuna kubweza mphamvuzo, kagulu ka azunguwo kadamchotsa pa mpando pa 17 Januwale 1893, asilikali a Amereka atatsika kale m'sitima yawo nkuima pafupi ndi nyumba yachifumu. Mu 1898 Amereka idatenga zilumbazo kukhala zake. Patapita zaka 100 chigwetsereni ufumuwo, mu 1993, nyumba ya malamulo ya Amereka idapepesa, koma dziko silidabwezedwe.

7. Makwerero anayi

Tikaika nkhani zinayizi pamodzi tiona makwerero ofanana.

Loyamba ndi malonda ndi ubwenzi. Mlendo amafika ndi katundu wofunika, ndipo mfumu imayamba kumdalira.

Lachiwiri ndi pangano. Mfumu imasaina chifukwa cha mantha kapena phindu la lero. Dzina lake ndi mbendera yake zimatsala, koma mphamvu yosankha yapita.

Lachitatu ndi mkangano wa m'nyumba. Kwa Jumbe udali wa Chiwaula, ku Zanzibar udali wolimbirana mpando. Pamenepo mlendo amalowa ngati woweruza, ndipo iye ndiye amanena woyenera kulamulira.

Lachinayi ndi mfuti ndi kupirikitsa mfumu. Ili ndi limene limalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu m'mabuku, koma ndilo lalifupi kwambiri pa onse.

Chodabwitsa nchakuti ku Nkhotakota makwerero oyambawo adakweredwa kawiri. Poyamba Achewa adalandira Salim bin Abdallah ndi chitetezo chake, dziko nkuwapulumuka. Kenaka Jumbe adalandira Johnston ndi chitetezo chake, dziko nkumpulumukanso.

8. Tiweruze bwanji?

Apa pafunika kusamala. Ine sindingalire maliro a ufumu wa Jumbe. Chuma chake chidali misozi ya anthu. Ana adalekanitsidwa ndi amai awo pa doko limene lero timatsukirapo mbale ndi kugulirapo usipa, ndipo ambiri adafera m'njira ya ku Kilwa. Kutha kwa malonda amenewa kudali chipulumutso chenicheni, ndipo sitiyenera kuchita manyazi kuvomera kuti Angerezi adachitapo mbali yaikulu.

Komanso sitiyenera kukhulupirira kuti chifundo chokha ndicho chidawabweretsa. Iwo adakhala pa ubwenzi ndi Jumbe wachitatu zaka zisanu, akumlipira, ngakhale ankadziwa kumene chuma cha ma Jumbe chidachokera, chifukwa nthawi imeneyo ankamfuna. Ku Zanzibar ukapolo udakhalabe wololedwa ndi lamulo kuyambira mu 1890 mpaka mu 1897, chilumbacho chili kale pansi pa chitetezo chawo. Ku Hawaii kudalibe msika wa akapolo woti utsekedwe, koma ufumu udagwetsedwa ndithu.

Ndipo funso langa lachiwiri lija likadalipo. Pangano la mu 1889 lidali pakati pa mlendo wochokera ku gombe la nyanja yamchere ndi mlendo wochokera ku Mangalande, koma dziko limene ankapatsanalo lidali la anthu ena. Jumbe atachotsedwa, ulamuliro sudabwerere kwa Malengachanzi kapena kwa Kanyenda. Udapita ku Zomba ndi ku London. M'malo mwa goli mudalowa msonkho wa nyumba, umene udakakamiza amuna ambiri kusiya mabanja kukafuna ndalama ku minda ya azungu ndi ku migodi ya ku Halale ndi ku Joni. Padatenga zaka pafupifupi 70, mpaka pa 6 Julaye 1964, kuti mbendera ya eni dziko ikwezedwe pa doko lija.

Chinthu china ndichinene, chifukwa ndimachimva nthawi zina m'makambirano athu. Mlandu wa ma Jumbe si wa anzathu Achisilamu amene timakhala nawo ku Nkhotakota lero. Ambiri a iwo ndi zidzukulu za anthu amene adathawira ku linga kapena adagwidwa ukapolo kumene. Tidziwenso kuti mafumu ena a Achewa ndi a Ayao adagulitsa anthu awo posinthana ndi nsalu ndi mfuti. Tikafuna kuloza chala, tiyambe taona kuti mbiri iyi ndi ya tonse.

Mau otsiriza

Lero kulibe sitima yankhondo imene yaima pa doko la Nkhotakota. Koma mapangano akusainidwabe: a ngongole, a migodi, a malo. Kunyanja kuno timamva za malo a m'mphepete mwa madzi amene agulitsidwa, asodzi nkudzapeza mpanda pamene makolo awo ankakocheza mabwato ndi kuyanika makoka. Si pangano lililonse limene ndi loipa, ndipo si mlendo aliyense amene ndi mdani. Koma ena mwa ife mawa tidzakhala pa mipando imene anthu osadziwa kuwerenga adzatibweretsera pepala kuti tiwauze zimene likunena. Tsiku limenelo tidzakumbukire Tawakali Sudi, ndipo tidzafunse mafunso atatu pepalalo lisadasainidwe. Kodi dziko ili mwini wake ndani, ndipo wafunsidwa? Kodi tikadzasemphana maganizo, woweruza adzakhala yani? Nanga tikadzafuna kutulukamo, khomo lake lili pati?

Mafunso okambirana m'magulu

1. Fotokozani zifukwa ziwiri zimene Achewa a ku Nkhotakota adalolera Jumbe kukula mphamvu.

2. Kodi Tawakali Sudi akadakana kusaina mu 1889, mukuganiza kuti chikadachitika nchiyani? Yerekezani ndi zimene zidamuonekera Mlozi.

3. Pa makwerero anayi aja, ndi pati pamene mfumu ikadatha kubwerera m'mbuyo mosavuta?

4. Kodi chinthu chabwino, monga kuthetsa ukapolo, chingapatse munthu ufulu wotenga dziko la eni? Perekani zifukwa za mbali zonse ziwiri.

5. Pa tchuthi chikubwerachi funsani agogo kwanu mmene mudzi wanu udalowera m'manja mwa boma la atsamunda, ndipo mudzatilembere zimene mwamva.